Chotupa cha Mtsempha Waukulu wa m'Mimba: Nthenda Yoyenda Kumtundu

Phunziro la Akristu ndi Aphunzitsi a Katekisimu

Palibe imfa yosautsa mudzi ngati imfa yadzidzidzi. Munthu akadwala miyezi yambiri, abale amaona ndi maso ao kuti mphamvu zache zirikutha, ndipo mitima yao imakonzeka pang'onopang'ono. Koma bambo wamphamvu akagwa pa khonde dzuwa liri pamutu, atadya nsima bwinobwino, anthu sakhutira ndi kulira kokha. Amayamba kufunsana kuti, "Wachita ichi ndani?" Ndipo ngati patapita zaka ziwiri mng'ono wache wafanso imfa yonga yomweyo, funso lija limasanduka mlandu. Pamenepo chala chimaloza munthu, ndipo kawirikawiri wolozedwayo ndi mai wokalamba wopanda womuikira kumbuyo.

M'phunziro la lero tifuna kulongosola nthenda imodzi yokhoza kutenga abale a mimba imodzi motsatizana, popanda dzanja la munthu. Ndiyo kutupa kwa mtsempha waukulu wa magazi m'mimba. Madotolo apeza kuti kufooka kwa mtsempha umenewu kumayenda kumtundu, monga m'mene ziyendera nkhope, msinkhu ndi dazi. Apezanso kuti chotupacho chimaoneka msanga pa makina ounikira, ndi kuti chikadziwika nthawi idakalipo munthu akhoza kupulumuka. Tsono nkhaniyi ikhudza ife tonse, makamaka inu aphunzitsi amene mutsogolera mapemphero a maliro, nimumva zimene anthu anong'onezana pasiwa.

1. Mtsempha wache ndi uti?

Mtima ndiwo upopa magazi kuti afike m'thupi lonse. Ku mbali ya kumanzere ya mtima kumatuluka mtsempha umodzi woposa yonse kukula, umene madotolo amautcha aorta. Umayamba wakwera pang'ono, nupindika ngati mutu wa ndodo ya nkhalamba, nutsika m'chifuwa motsata msana, nulowa m'mimba. Ukafika cha pa mchombo umagawika pawiri, nthambi ina kunka ku mwendo wamanja, ina ku mwendo wamanzere. M'njira monsemo umaphuka nthambi zopereka magazi ku mutu, ku manja, ku chiwindi, ku matumbo ndi ku impso.

Mwa munthu wamkulu, mtsempha umenewu ukafika m'mimba umakhala wa masentimita 2 mopingasa, ndiye kuti ngati chala chachikulu cha ku dzanja. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku limodzi, ndipo pa kugunda kuli konse khoma la mtsempha limatamuka ndi kubwerera. Likhoza kutero chifukwa ndi lolukidwa ndi ulusi wa mitundu iwiri. Ulusi wina, wotchedwa elastin, umatamuka ngati mphira ya legeni. Wina, wotchedwa collagen, uli ngati luzi: sutamuka, koma ndi wolimba, ndipo ndiwo uletsa mtsempha kung'ambika. Ulusi wotamukawo thupi limaupanga makamaka mwana ali m'mimba ndi pa ubwana wache. Munthu akakula, thupi silionjezeranso wambiri. Umene tinalandira paubwana ndiwo tiyenda nao kufikira ukalamba.

2. Kodi mtsempha utupa bwanji?

Ali yense wokwera njinga anaonapo chubu chitafufuma pa malo amodzi pamene mphira yache yatha mphamvu. Chomwecho ulusi wa m'khoma la mtsempha ukathetheka, magazi amakankha malo ofookawo, ndipo amafufuma. Mtsempha wa m'mimba ukafika masentimita 3 mopingasa, madotolo amati pali chotupa, ndipo dzina lache amati aneurysm. Kawirikawiri chimakhala kunsi kwa nthambi zopita ku impso, pamwamba pang'ono pa mchombo. Sichiri chithupsa cha mafinya, sichiri khansa, ndipo sichipatsirana.

Chotupachi chimakula mwakachetechete, mamilimita 2 kapena 3 pa chaka. Chikamakula, khoma lache limanka lipyapyala, ndipo likapyapyala limafufuma msanga koposa kale. Choopsa chache ndi chakuti anthu ambiri samva ululu uli wonse. Munthu amalima, nayenda ulendo, naseka ndi adzukulu ache, osadziwa kanthu. Makolo athu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku limene khoma ling'ambika, magazi amatayikira m'kati mwa mimba, ndipo pa anthu 10 ogwidwa chotero, pafupifupi 8 amafa, ambiri a iwo asanafike n'komwe ku chipatala.

Nthendayi siyang'ana nzeru kapena ulemu wa munthu. Albert Einstein, katswiri wa sayansi wodziwika pa dziko lonse, anampeza ndi chotupa chotere m'chaka cha 1948. Dotolo Rudolph Nissen anachikulunga kuti chisaphulike msanga, ndipo Einstein anakhalanso ndi moyo zaka zoposa 6. Chinaphulika mu April 1955, namwalira ku Princeton, m'dziko la America.

3. Wansembe wa nsawawa

Kuti timvetse m'mene kufooka kwa mtsempha kuchokera kwa kholo kunka kwa mwana, tiyambe ndi wansembe wa Eklezia wathu. Bambo Gregor Mendel anali wa chipani cha Augustino Woyera, ndipo ankakhala m'nyumba ya amonke ku Brno, mzinda umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Kuyambira 1856 kufikira 1863 anabzala nsawawa m'munda wa nyumbayo, nakwatitsa zazitali ndi zazifupi, zosalala ndi zamakwinya, nawerenga mosatopa zimene zinamera. Anapeza kuti maonekedwe a chomera amanyamulidwa ndi tinthu tobisika, kamodzi kochokera kwa kholo iri, kena kwa kholo linzache, ndi kuti kanthu kotere kakhoza kubisala mbadwo umodzi n'kudzaonekera mbadwo wotsatira. Analemba zimenezi m'chaka cha 1866, koma anthu ophunzira sanazisamale kufikira 1900, iye atamwalira kale m'chaka cha 1884.

Tinthu timene Bambo Mendel anatizindikira popanda kutiona, lero timatchedwa majini. Dzinali lisakusokonezeni, chifukwa silinena mizimu ija imene anthu ena amaitchanso majini. Majini a m'phunziro lino ndi malangizo olembedwa m'thupi, ouza thupi m'mene lipangire khungu, magazi, mafupa ndi mitsempha. Munthu ali nao pafupifupi 20,000, omangidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu. Timitolo 23 timachokera kwa atate, ndipo 23 tinato kwa amai. Mlimi wosankha mbeu ya chimanga adziwa kale chiyambi cha nzeru imeneyi: chisononkho chabwino chibala zinzache. Ulusi wa m'khoma la mtsempha umalukidwanso motsata malangizo omwewa, ndipo malangizo a banja lina amaluka molimba kuposa a banja linzache.

4. Umboni wakuti chotupachi chiyenda kumtundu

M'chaka cha 1977, dotolo wina wa ku England, dzina lache Clifton, analemba za abale atatu a mimba imodzi amene onse mtsempha wa m'mimba unawaphulikira. Taganizani chimene chikadanenedwa zoterezi zikadachitika m'mudzi mwathu muno. Madotolo atawerenga nkhaniyo anayamba kufunsa odwala ao za makolo ndi abale, ndipo anapeza kuti pa odwala 10, mmodzi kapena awiri ali ndi mbale wapafupi wa nthenda yomweyo. Ku Sweden, kumene boma limasunga bwino mabuku a zipatala ndi a mabanja, anaonetsa m'chaka cha 2009 kuti munthu amene kholo, mbale kapena mwana wache anali ndi chotupachi, mpata wakuti nayenso akhale nacho ndi wowirikiza pafupifupi kawiri.

Koma wina angafunse kuti, "Abale amadya m'mbale imodzi, namwa madzi a pa chitsime chimodzi, natengerana makhalidwe. Tidziwa bwanji kuti chifukwa chache ndi chibadwa, osati kakhalidwe?" Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lache linapezeka mwa mapasa. Mapasa ali a mitundu iwiri. Ena amachokera ku dzira limodzi, ndipo majini ao ndi amodzimodzi. Ena amachokera ku mazira awiri, ndipo kufanana kwao kuli ngati kwa abale ena onse. Mitundu iwiri yonseyi imaleredwa pa bwalo limodzi. Tsono ngati nthenda igwirizanitsa mapasa a dzira limodzi koposa anzao aja, chibadwa chiri ndi mbali.

M'chaka cha 2010 madotolo a ku Sweden anafalitsa zimene anapeza m'kaundula wa mapasa a dziko lao. Pamene mmodzi wa mapasa a dzira limodzi anali ndi chotupa, mnzache anali nachonso ka 24 pa 100. Mwa mapasa a mazira awiri zinachitika pafupifupi ka 5 pa 100 pokha. Powerengera zonse anati, pa zimene zisiyanitsa anthu pa nthendayi, magawo 70 pa 100 ndi a chibadwa. Ku Denmark anayesanso mapasa ao, ndipo m'chaka cha 2016 anapeza magawo 77 pa 100.

Chenjerani ndi mawerengero amenewa. Sanena kuti ana 70 pa 100 a munthu wodwala adzadwalanso, iai. Taonani mapasa a dzira limodzi aja: ngakhale majini ao ndi amodzi, 76 pa 100 sanapezeke nacho chotupa cha mnzao. Chibadwa chimapendeketsa munthu ku mbali ya nthenda, koma kupendeka si kugwa.

5. Mtolo wa nkhuni zambiri

Kodi jini yache ya chotupachi ndi iti? Mwa anthu ambiri palibe jini imodzi yoti tiiloze. Pali majini ambiri, ili yonse yoonjezera pang'ono pokha. Chiri ngati mtolo wa nkhuni: kamtengo kamodzi sikalemetsa mutu, koma timitengo tikachuluka khosi limapindika. Mwana wina amalandira timitengo tochepa, mbale wache tambiri, ngakhale atate ndi amai ao ndi amodzi.

Malo oyamba odziwika bwino anapezedwa m'chaka cha 2008 ndi akatswiri a ku Iceland, pa kromozomu ya nambala 9. Malo omwewo amakhudzanso nthenda ya mitsempha ya mtima, ndi kutupa kwa timitsempha ta mu ubongo. M'chaka cha 2011 madotolo otsogoleredwa ndi a ku Leicester anapeza jini yina yotchedwa LRP1. Kenaka m'chaka cha 2023 akatswiri a maiko ambiri anaphatikiza nchito yao, nayerekeza odwala oposa 39,000 ndi anthu ena oposa 1,000,000 opanda nthendayi, napeza malo oposa 100.

Nchito za majini amenewa ziri zosiyanasiyana. Ena amalamulira kuchuluka kwa mafuta a m'magazi otchedwa kolesterolo. Ena amalamulira m'mene asilikali a thupi achitira akalowa m'khoma la mtsempha, pakuti asilikaliwo akakwiya mopitirira amadula ulusi umene anayenera kuuteteza. Enanso amayang'anira kukonza kwa khoma likabvulala. Ambiri mwa anthu amene anayezedwa m'kafukufuku ameneyu anali ochokera ku mitundu ya ku Ulaya, ndipo kuwerenga majini onsewa sikunalowe m'nchito ya tsiku ndi tsiku ya zipatala. Chifukwa chache chida chimene chiri m'manja mwathu, chosalira ndalama, ndicho mbiri ya banja: kudziwa amene anadwala chiani, ndi amene anafa motani.

6. Mabanja owerengeka a jini imodzi

Pali mabanja ochepa amene bvuto lao liri pa jini imodzi yokha, ndipo mwa iwo lamulo la Bambo Mendel limaonekera poyera: kholo likakhala nayo, mwana ali yense ali ndi mpata wa 1 pa 2 wakuilandira, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana.

Yodziwika koposa ndi nthenda ya Marfan, yotchedwa dzina la dotolo wa ana wa ku Paris, Antoine Marfan, amene anailongosola m'chaka cha 1896. Jini yache, FBN1, inadziwika m'chaka cha 1991. Imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 5,000, m'mitundu yonse ya anthu. Eni ache amakhala atali kwambiri, a mikono ndi zala zazitali, chifuwa cholowa kapena chotulukira kunja, ndi maso osaona patali. Pali inanso ya m'gulu la Ehlers-Danlos, yochokera ku jini yopanga collagen: khungu limakhala lopyapyala, loonetsa mitsempha, lochita zipsera za magazi pa kukhudzidwa pang'ono. Yachitatu ndi ya Loeys-Dietz, imene inalongosoledwa m'chaka cha 2005.

M'mabanja otere mtsempha umatupa kapena kung'ambika munthu akali mnyamata, ndipo mwa a Marfan ndi a Loeys-Dietz zimachitika kawirikawiri m'chifuwa, pafupi ndi mtima. Sitinena kuti munthu ali yense wamtali ali ndi nthendayi. Koma banja limene achinyamata a maonekedwe otere agwa mwadzidzidzi lisadikire ukalamba. Lipite kwa dotolo tsopano, pamodzi ndi ana.

7. Zimene zithandizana ndi chibadwa

Mbeu imera pamene pali chinyezi. Chibadwa cha chotupachi chirinso ndi zinthu zochikuza. Zina sitingazisinthe. Nthendayi ndi ya ukalamba, yosowa mwa anthu osafika zaka 55, yochuluka kuyambira zaka 65. Imagwira amuna kanai kapena kasanu kuposa akazi. Koma akazi asati ziribe kanthu kwa iwo, pakuti mwa mkazi chotupa chimaphulika chikali chocheperapo.

Zina ziri m'manja mwathu, ndipo chachikulu mwa zonse ndi fodya. Wosuta fodya ali ndi mpata wowirikiza pafupifupi kasanu kuposa amene sanasutepo. Utsi umalowa m'magazi, nuputa asilikali a thupi aja kuti adule ulusi wa mtsempha. Mwa wosuta chotupa chimakula msanga, ndipo chimaphulika msanga. Kaya ndi ndudu ya m'sitolo, kaya ndi chingambwe chopichira pa khonde, kaya ndi kaliwo, zonsezi ndi utsi woononga. Umboni wina ndi uwu: ku Britain ndi ku Sweden, amuna atayamba kuleka fodya, chiwerengero cha opezeka ndi chotupachi chinatsika kwambiri m'zaka makumi ochepa. Majini a mtundu wa anthu sasintha m'nthawi yaifupi chotero. Chimene chinasintha ndi chimene anthu ankaika pakamwa.

Kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amati BP, kumakankha khoma lofooka usana ndi usiku. Mafuta ochuluka m'magazi amalionjezera kuonongeka. Pa zonsezi pali mankhwala ndi malangizo a ku chipatala. Tidziwenso kuti si chotupa chiri chonse chochokera kumtundu. M'maiko a kumwera kwa Afrika madotolo aona zotupa za mitsempha mwa anthu ocheperapo msinkhu, zoyambitsidwa ndi matenda olowa m'thupi monga HIV, chindoko ndi chifuwa chachikulu. Kusiyanitsa zimenezi ndi nchito ya dotolo, osati ya anansi.

8. Abale ache ndi ati?

Pano tichenjere ndi mwambo wathu. Achewa, Ayao ndi Alomwe amawerengera mbumba kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Atumbuka ndi Angoni a kumpoto amawerengera kuchimuna. Miyambo imeneyi ndi yolongosola za minda, za ukwati ndi za ufumu, koma majini saitsata. Mwana ali yense analandira theka kwa atate ache ndi theka kwa amai ache. Mkamwini angakhale mlendo pa mudzi wa mkazi wache, koma m'mitsempha ya ana ache sali mlendo. Chomwechonso mkazi wolowoledwa amapereka theka lache, ngakhale ana atchedwe a kwa mwamuna.

Tsono pofufuza mbiri ya banja tifunse mbali zonse ziwiri. Oyamba kuwaganizira ndi abale apafupi: atate, amai, achimwene, alongo ndi ana obereka tokha, pakuti ndi ali yense wa iwowa timagawana theka la majini athu. Mwa onsewa, achimwene a wodwala ndiwo amapezeka nacho kawirikawiri. Agogo, amalume, azakhali ndi abale a bambo mmodzi kapena mai mmodzi timagawana nao gawo limodzi mwa magawo anai. Mkazi kapena mwamuna wa wodwala satengera nthendayi kwa mnzache, ngakhale akhale pamodzi zaka 50.

9. Kuunika ndi chithandizo

Chotupachi chimaoneka pa makina omwe aja ounikira amai oyembekezera, amene ambiri amati sikani. Amapaka timafuta pa mimba, nayendetsa kachida pamwamba, nayesa kukula kwa mtsempha. Sizipweteka, satenga magazi, ndipo zimatha mphindi 10 kapena 15. Ku Britain anayesa njirayi pa amuna pafupifupi 68,000, ndipo m'chaka cha 2002 anapeza kuti mwa oitanidwa kukaunikidwa, imfa za nthendayi zinachepa ndi magawo pafupifupi 4 pa 10. Kuyambira 2009 dziko la England linayamba kuitana amuna ofika zaka 65 kuti adzaunikidwe. Bungwe la madotolo a mitsempha a ku Ulaya, m'malangizo ache a 2019, linati abale apafupi a wodwala, amuna ndi akazi omwe, angaunikidwe kuyambira zaka 50.

Chotupa chikapezeka chiri chaching'ono, sachita opaleshoni. Amachiyang'anira pa kuunika kawirikawiri, ndipo mwini wache aleke fodya ndi kumwa mankhwala a BP mokhulupirika. Palibe mankhwala, a m'botolo kapena a m'thengo, amene atsimikizidwa kuti amaphwetsa chotupa chimenechi. Chikafika masentimita 5.5 mwa mwamuna, kapena 5 mwa mkazi, madotolo amaganiza zochikonza. Njira yakale ndiyo kutsegula mimba ndi kusokerera paipi ya nsalu yolimba m'malo mwa mbali yofookayo. Woyamba kuchotsa chotupa chotere ndi kulumikizanso mtsempha anali Charles Dubost wa ku Paris, m'chaka cha 1951. Njira yatsopano ndiyo kulowetsa paipiyo kudzera m'mtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu, monga anachitira Juan Parodi ku Buenos Aires m'chaka cha 1990. Nchito zimenezi ndi za zipatala zazikulu, ndipo zimafuna nthawi yokonzekera. Pa opaleshoni yokonzekera, oposa 9 pa 10 amapulumuka. Yerekezani ndi 8 pa 10 aja ofa chikaphulika, ndipo mudzaona mtengo wache wa kudziwa msanga.

Zizindikiro zofunika kuthamangira ku chipatala ndi izi: ululu waukulu wadzidzidzi m'mimba, m'chiuno kapena kumsana, thukuta lozizira, chizungulire ndi kukomoka, makamaka mwa munthu wachikulire. Musamsisite mimba, musamteme mphini, musampatse chakudya. Funani galimoto nthawi yomweyo, ndipo mukafika muuze dotolo ngati m'banjamo munali kale chotupa cha mtsempha. Kuitana wansembe kudzampatsa Sakramenti la Kudzoza Odwala ndi chinthu choyenera, koma kusachedwetse ulendo. Wansembe akhoza kumpeza ku chipatala. Munthu woonda akagona chagada namva kugunda pa mchombo asachite mantha msanga, pakuti mwa oonda mtsempha wabwinobwino umamveka. Akafunse ku chipatala kuti mtima ukhale pansi.

10. Mkristu achite chiani?

Choyamba, tisaone nthenda ya kumtundu ngati chilango cha machimo a makolo. M'Uthenga Wabwino wa Yohane Woyera, mutu 9, ophunzira anafuna kudziwa wochimwa amene anachititsa kuti munthu wina abadwe wosaona, ndipo Ambuye anakana kuika mlandu pa iye kapena pa makolo ache. Kholo silisankha majini amene lipatsa mwana wache. Banja la nthenda yotere lisanyozedwe, ndipo ana ache asakanidwe ukwati, pakuti Eklezia saiwerenga nthendayi ngati choletsa ukwati.

Chachiwiri, lamulo lachisanu la Mulungu, lotiletsa kupha, limatilamulanso kusamala moyo wathu. Papa Pio XII, polankhula ndi madotolo m'chaka cha 1957, anaphunzitsa kuti munthu ali ndi udindo wogwiritsa nchito njira zamasiku onse, zosalemetsa mopitirira, kuti asunge moyo ndi umoyo wache. Kuleka fodya, kuyezetsa BP ndi kupempha kuunikidwa ziri m'gulu limeneli. Amene anena kuti, "Kwathu timafa chomwechi, palibe chochita," aiwala kuti nzeru za madotolo ndi mphatso ya Mulungu yemweyo amene analenga thupi.

Chachitatu, wopezeka ndi chotupachi auze abale ache. Ambiri a ife timabisa matenda, poopa kudandaulitsa ana kapena kupatsa adani pokambira. Koma pa nthenda iyi kukhala chete kukhoza kutayitsa moyo wa mchimwene wako. Ngakhale munayambana chifukwa cha munda, mtumizireni mau, pakuti chibale ndi pfupa, sichiola. Amene ali kutali ku nchito, ku Joni kapena ku Ulaya, auzidwenso, chifukwa dotolo wa kumeneko akamva mbiri ya banja adzadziwa chochita. Mphunzitsi amene wodwala wamuululira za nthenda yache asaifalitse yekha. Amlimbikitse mwini wacheyo kuti alankhule.

Chachinai, lamulo lachisanu ndi chitatu litiletsa kunamizira mnzathu. Pa maliro a imfa yadzidzidzi, pamene mitima yatentha, mphunzitsi akhale woyamba kukumbutsa anthu kuti m'thupi muli matenda obisika okhoza kugwetsa munthu m'kanthawi kochepa, ndi kuti ena mwa iwo amayenda m'banja. Si imfa yadzidzidzi iri yonse yochokera ku chotupachi, ndipo mphunzitsi asadziyese dotolo. Koma akhoza kutembenuza funso la anthu. M'malo mofunsa kuti, "Wamupha ndani?" afunse kuti, "Mwa otsalawa, ayenera kukayezedwa ndani?" Funso loyamba limaonjezera maliro pa maliro. Lachiwiri likhoza kusunga bambo wina kuti alere adzukulu ache.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Kodi mtsempha wa aorta uyambira pati, nuthera pati? Ukafika masentimita angati kuti utchedwe wotupa?

2. Mapasa a ku Sweden atiphunzitsa chiani za mphamvu ya chibadwa, ndi za malire ache?

3. Tchulani zinthu zokuza nthendayi zimene munthu akhoza kuzisintha. Chachikulu ndi chiti?

4. Chifukwa ninji tiyenera kufufuza mbiri ya matenda kuchimuna ndi kuchikazi komwe?

5. Munthu wachikulire akagwidwa ndi ululu waukulu wadzidzidzi m'mimba kapena kumsana, tichite chiani, ndipo tipewe chiani?

6. Kodi m'mphakati mwathu muli munthu amene akunenedwa chifukwa cha imfa ya wina? Tingamuthandize bwanji?

Aphunzitsi awerenge phunziroli pamodzi ndi Akristu ao, ndipo banja liri lonse lipeze madzulo amodzi okhala pansi ndi akuluakulu ache, kuwafunsa za matenda a makolo nthawi idakalipo. Mulungu, mwini moyo, adalitse odwala athu ndi onse owasamala.